Kusaka cobalt ndi golide pogwiritsa ntchito masampulo a dothi: umu ndi momwe zimayendera

Choyamba kuchimvetsa nchakuti golide amene mukumusaka m'dothi simumuona ndi maso, olo maso anu atakhala akuthwa bwanji. M'miyala wamba golide amangokhalamo ka 1 mpaka 4 ppb, ndipo 1 ppb ndi galamu imodzi m'matani 1,000 a miyala. Cobalt bola, amakhala cha m'ma 25 ppm, ndiye kuti magalamu 25 pa tani imodzi. Nde ntchito yonseyi ndi yofuna pamalo pomwe manambalawa akwera kuposa dera lozungulira, pomwe akatswiri a miyala amati pali anomaly. Thanthwe likamaphwanyika pang'onopang'ono nkusanduka dothi, zomwe zinali mkati mwake zimamwazikana, ndiye mtsempha, kamzere ka mwala wokhala ndi golide kapena cobalt, olo utakhala woonda wa mamita awiri, umatha kusiya chizindikiro chotakata pamwamba, ndipo chotakatacho nchosavuta kuchigwira kusiyana ndi kungoboola pansi mwachimbulimbuli.

Musanagwire khasu, za layisensi yofufuzira ndi chilolezo cha eni malo zikhale zatheka kale, pamenepo sititayapo nthawi. Kenako khalani pansi ndi mapu a miyala mudzifunse kuti cobalt amene mukumuyembekezera ndi wa mtundu uti, chifukwa cobalt sakonda kuyenda yekha. Ku Katanga, DR Congo, komwe kumachokera pafupifupi 70 peresenti ya cobalt wa padziko lonse, amakhala limodzi ndi kopa. M'malo ena amatsagana ndi nickel. Ku Bou Azzer, Morocco, ali ndi arsenic. Ndipo kuli malo omwe cobalt ndi golide ali pamodzi ndithu, monga Idaho Cobalt Belt ku America, Kuusamo ku Finland ndi NICO ku Canada komwe kulinso bismuth. Zimenezi nzimene zimakuuzani zoti mupemphe ku labu. Munthu wongopempha Au (golide) ndi Co (cobalt) basi wadzimana yekha, chifukwa arsenic, antimony, bismuth, tellurium ndi tungsten nthawi zambiri amalozera golide bwino kuposa golide mwini wake, ndipo popanda manganese, chitsulo, nickel ndi chromium manambala a cobalt simungawamasulire nkomwe.

Funso lalikulu kwambiri, lomwe anthu amalidumpha chifukwa chothamangira kukatola, ndi ili: dothi limene mwapondapoli linabadwira pomwepa kapena linachita kubwera? Ngati linachokera ku thanthwe lomwe lili pansi pakepo, zili bwino, likuuzani za pansipo. Koma ngati linabwera ndi mtsinje, mphepo, kugumuka kwa phiri kapena ayezi monga zilili kumayiko ozizira, likuuzani nkhani ya kwina komwe linachokera ndipo mukhoza kutola masampulo 2,000 okongola pamwamba penipeni pa mgodi osaona kanthu. Kuti mudziwe, kumbani maenje angapo ozamirapo muone m'mbali mwake. Timiyala tosalala tozungulira, mchenga woyalana m'magawo, zimenezo ndi zobwera. Timiyala tosongoka tofanana ndi thanthwe la pansi, dothi losintha pang'onopang'ono mpaka kufika pa mwala wowola, limenelo ndi la pompo. Pomwe zobwerazo zakuta malo, pamafunika auger, chida choboolera dothi, yoti iboole mpaka idutse, ndipo m'madera otentha ena amatola dothi la pa chulu poti chiswe chimakweza dothi kuchokera pansi. Koma osasakaniza zachulu ndi zam'maenje pa mapu amodzi ngati nzofanana, ayi.

Ngati pafupi pali malo omwe akudziwika kale kuti pali cobalt kapena golide, yambirani pamenepo ndi kamzere kamodzi koyesera, orientation survey. Tolani pa kuya kosiyanasiyana, sefani ndi masefa osiyana, muone kuti chizindikiro chikutuluka bwino pati. Ambiri amaona ngati nkutaya nthawi koma ine ndimati ndi masampulo ofunika kuposa ena onse, chifukwa ndi omwe amakuuzani kuti mutalikitse bwanji maenje.

Mizere idule miyala chopingasa. Ngati miyala ikuyenda kuchokera kumpoto kupita kumwera, mizere yanu iyende kuchokera kum'mawa kupita kumadzulo, apo ayi mukhoza kuyenda m'mbali mwa mtsempha tsiku lonse osauponda. Poyambira pa malo aakulu anthu amakonda mizere yotalikirana mamita 400 kapena 200, maenje mamita 100 kapena 50 aliwonse, ndiye pomwe patuluka kanthu mumabwerera ndi 100 kwa 25 kapena 50 kwa 25. Ndipo mizere ipitirire kunja kwa pomwe mukuganizira kuti pali zinthu, chifukwa popanda dothi wamba lofanizira simudziwa kuti chokwera nchiti.

Pa dzenje penipeni, palani masamba ndi dothi lakuda la pamwamba lija muliike pambali, mufike pa gawo lofiirira kapena lachikasu lomwe limakhala ndi dongo ndi dzimbiri la chitsulo, B horizon, nthawi zambiri cha m'ma masentimita 20 mpaka 40. Koma musatsatire tepi, tsatirani dothi, pena gawoli lili pa 15 pena pa 60. Chachikulu nchakuti aliyense pa gulu atole gawo lomwelomwelo. Wina akamatola lakuda poti watopa madzulo pomwe mnzake akutola lofiira, mapu adzaonetsa anomaly yotsatira mizere ya munthu osati ya miyala, ndipo zimenezi zimachitikadi. Magalamu 300 mpaka 500 amakwana pa sampulo wamba, m'kathumba ka pepala kolimba koti dothi liumiremo, nambala kunja ndi kapepala kena mkati. Likauma limasefedwa pa 80 mesh, yomwe ndi pafupifupi mamilimita 0.18. Ofuna golide makamaka amatha kusefa pa 200 mesh kapena kutola sampulo yaikulu ya makilogalamu angapo ya BLEG, yomwe ku labu amaiviika yonse mu cyanide, mankhwala osungunula golide. Mukatha kwirirani dzenje.

Mphete yagolide vulani, olo ikhale ya ukwati. Sizoseketsa, pomwe mukuyeza ma ppb kukhudza kwa mphete pa dothi nkokwanira kukupatsani nambala yabodza. Sefa ya brass imawonjezera kopa ndi zinc, ya nayiloni ndiye yabwino. Ndipo kwa osaka cobalt pali msampha wina, tungsten carbide, yomwe amapangira mbale zina zoperera masampulo, amaimata ndi cobalt, nde ngati labu ikupera sampulo yanu m'mbale ya carbide cobalt adzakwera ponseponse. Afunseni. Fosholo ndi sefa zipukutidwe pa dzenje lililonse, ndipo pewani m'mbali mwa msewu, potayira zinyalala ndi pa milu ya migodi yakale.

Lembani zonse, GPS, kuya, mtundu wa dothi, kutsetsereka kwa malo, ngati pali chinyontho, timiyala tomwe tili m'dzenjemo. Mukaona zakuda zomatirira pa timiyala lembani, ndi manganese ameneyo ndipo mudzamufuna. Mukaona kautoto ka pinki pa mwala, mwina ndi erythrite, chizindikiro cha cobalt wa arsenic, mwalawo utoleni paokha. Pa masampulo 20 alionse ikanimo imodzi yobwereza pa malo omwewo, ina ya blank yopanda kanthu, ina ya standard yomwe zotsatira zake mukuzidziwa kale, zonse ndi manambala wamba oti a ku labu asazizindikire.

Ku labu njira yodziwika ndi kusungunula sampulo mu asidi wa aqua regia kenako nkuyeza ndi makina a ICP-MS, njira yomwe imapereka zinthu zambiri nthawi imodzi kuphatikizapo golide pa ppb, koma onetsetsani kuti akuyeza magalamu okwanira monga 25 kapena 30 osati theka la galamu. Fire assay, yosungunula sampulo pa moto, ya magalamu 30 kapena 50 ndiyo yotsimikizira golide. Nanga kamakina ka m'manja kaja, pXRF? Kamathandiza pa arsenic, kopa, nickel, manganese ndi chitsulo, mumaona tsiku lomwelo. Koma golide wa ppb sikamuona, ndipo kakalemba Au kawirikawiri ndi zinc kapena tungsten zomwe zakasokoneza. Pa cobalt napo nkokayikitsa chifukwa chizindikiro chake chimaphimbidwa ndi cha chitsulo, ndipo dothi lofiira ladzaza chitsulo.

Zotsatira zikabwera yambani mwaona ma blank, ma standard ndi zobwereza zija. Ngati zasokonekera, labu ibwereze musanajambule chilichonse. Zikakhala bwino ikani pa mapu, pulogalamu ya pa kompyuta ya QGIS ndi yaulere ndipo imakwana. Palibe nambala imodzi yomwe ndi anomaly kulikonse, pena 10 ppb ya golide ndi nkhani yaikulu pena ndi zawamba. Onani masampulo omwe ali pamwamba, tinene 2 mpaka 5 peresenti, koma muwagawe potengera mtundu wa mwala wa pansi, chifukwa miyala ya ultramafic, yodzaza chitsulo ndi magnesium, mwachibadwa imakhala ndi cobalt wopitirira 100 ppm popanda mgodi uliwonse. Cobalt akakwera limodzi ndi chromium ndi nickel motsatira malire a mwala wotero, mwangojambula mwalawo basi, pokhapokha ngati chomwe mukusaka ndi nickel laterite, dothi lofiira lokhala ndi nickel ndi cobalt lochokera ku miyala yoteroyo.

Apa ndi pomwe cobalt amanamiza anthu ambiri. Amasungunuka m'madzi a asidi pang'ono nkuyenda nawo pansi, ndiye akakumana ndi manganese oxide amakakamira pomwepo ngati nsabwe pa msoko wa malaya. Zotsatira zake mumapeza manambala okwera m'mphepete mwa dambo, pa kasupe, m'munsi mwa chitunda, pomwe pansi pake palibe kanthu. Nde jambulani cobalt ndi manganese pa girafu imodzi, kapena gawani nambala ya cobalt ndi ya manganese. Ngati akukwera limodzi ndipo malowo ndi onyowa, kayikirani, ngakhale cobalt ameneyo wachokera penapake chakumtunda ndipo nkoyenera kuyang'anako. Amene ali wosangalatsa ndi cobalt wokwera pomwe manganese ali wamba, uku kopa, arsenic kapena bismuth akukwera naye.

Golide bodza lake ndi lina. Sasungunuka msanga, amakhala timbewu, nde kambewu kamodzi kakagwera m'magalamu 30 omwe ayezedwa nambala imalumpha kufika mazana a ppb, mukayezanso dothi lomwelo mupeza 3. Kadontho kamodzi kofiira pa mapu kopanda anzake sikoyitanira makina oboolera. Chomwe mukufuna ndi masampulo angapo oyandikana, pa mizere iwiri itatu yotsatana, ondondozana molunjika komwe miyala kapena mng'alu ukulowera, arsenic kapena bismuth akuvomereza. Ma 30 ppb asanu ndi atatu ondondozana amaposa 500 ppb imodzi yokhayokha. Kumbukiraninso kuti dothi limatsetserekera kumunsi, ndiye pa malo otsetsereka gwero limakhala chakumtunda kwa anomaly, pomwe manambala akudukira mwadzidzidzi, osati pakati pake.

Mukasankha malo awiri atatu abwino, bwererani ndi miyendo mukaone, tolaninso maenje omwe anakwera aja mutsimikize, thinitsani mizere. Zikabwerezeka kumbani ngalande yodula anomaly chopingasa mpaka pa mwala wowola nkutola masampulo motsatira khoma lake mita ndi mita. Palinso geophysics, kuyeza pansi ndi makina muli pamwamba: magnetics, yoyeza maginito a miyala, imathandiza kuona ming'alu, IP, yodutsitsa magetsi pansi, imathandiza kuona ngati pansi pali ma sulphide, miyala yokhala ndi sulfa, monga pyrite, arsenopyrite kapena cobaltite. Pomwe dothi, ngalande ndi geophysics zaloza malo amodzi ndi pomwe mumaika bowo loyamba, ndipo liboolereni chopendeka kuti lidule mtsempha, osati kutsika nawo limodzi.