Sowo yotsetsereka ija ya pa saiti: zoti mudziwe musanaigwire

Ambirife tikafika kunja kuno, kaya ku Joni, ku Cape Town, ku UK olo ku America, maganyu oyamba amapezeka pa saiti kapena kwa munthu amene akukonzetsa nyumba, ndipo sipapita masiku abwana amakulozera mitre saw n'kufunsa kuti umaitha? Nde poopa kuti ntchito ipita kwa wina munthu amangoti eya ndimaitha, chonsecho anangoonerapo anzake akudulira. Achimwene, achemwali, safunsa anadya phula. Ku UK malamulo a PUWER a 1998 amati wolemba ntchito akuphunzitseni kaye asanakupatseni makina, ku South Africa nako Occupational Health and Safety Act ya 1993 imaika udindo ngati womwewo pa bwana, nde mukati "tandionetseni kaye kamodzi" sikuti mukupempha chifundo ayi, ndi zoyenera kutero basi.

Mitre saw ndikunenayi ndi sowo ya magetsi yodulira matabwa ija mutu wake umatsika n'kukwera, tebulo lake limazungulira kumanja ndi kumanzere podula miter, mutu umapendekeka chammbali podula bevel, kenako mutu womwewo umayenda pa njanji kutsogolo ndi kumbuyo kuti udule matabwa otambalala. Kuyenda pa njanjiko ndi kumene kumaisiyanitsa ndi chop saw wamba, ija mutu wake umangotsika n'kukwera basi, ndipo ngozi zambiri zimabisala pomwepo.

Tiyambe ndi magetsi poti ife timasamukasamuka ndi katundu. South Africa ndi UK m'nyumba ndi 230V, America ndi Canada ndi 120V, koma pa masaiti a ku UK zida zambiri ndi za 110V, za pulagi yachikasu zija zolowa mu thiransifoma yachikasu. Werengani kachitsulo kapena sitika ya pa mota musanalumikize, makamaka ngati sowoyo mwagula kaunjika pa Facebook Marketplace kapena Gumtree. Adaputala ya paulendo imangosintha mano a pulagi, mphamvu ya magetsi siisintha. Ekisitenshoni ikhale ya waya wonenepa ndipo muifunyulule yonse pa chiwilo chake, chifukwa mota wa sowo izi amakoka mawati cha m'ma 1,500 olo kuposa, waya wokulungidwa amatentha mpaka kusungunuka. Ngati mukugwira panja kapena ponyowa dutsitsani magetsi pa RCD ya 30 mA, kachipangizo kodula magetsi msanga akayamba kugwira munthu, ku America amati GFCI.

Poika sowo, pansi pa simenti mutagwada ayi. Pansi pa miyendo yake pali mabowo a mabawuti, imangeni pa sitandi yake kapena pa benchi, ngati ndi yoyenda nayo imangeni pa pulayiwudi yokhuthala kenako pulayiwudiyo muipane ndi maklampu pomwe mwafikapo. Mukakoka mutu mpaka kumapeto a njanji kulemera konse kumabwera kutsogolo, sowo yosamanga imatha kugwadira kwa inu ili mkati mozungulira. Kumbuyo kusiyeni mpata woti njanji zisagunde khoma. Thabwa lalitali likhale ndi potsamira kumapeto, pofanana msinkhu ndi tebulo la sowo, osati kuuza mnzanu kuti tagwira uko, chifukwa munthu amatopa, amasuntha pang'ono, thabwa n'kupana bledi.

Nkhani ya bledi anthu amaipeputsa. Chinthu choyamba zulani pulagi kapena chotsani batire, swichi yokha musaikhulupirire. Bawuti ya pakati pa masowo ambiri imamasuka mozondoka, mumaipotokola kulowera kumene wotchi imayendera, nde mukaona ikukana musalimbane nayo ndi chipaipi, mwina mukuimangitsa. Muvi wa pa bledi uloze kumodzi ndi muvi wa pa gadi, chophimba bledi chija, mano a kutsogolo kwanu aziloza pansi. Saizi ikhale imene sowoyo inapangidwira, 216, 254 kapena 305 mm, ku America 10 kapena 12 inchi, ndipo bowo la pakati limasiyana, ku Ulaya ambiri ndi 30 mm pomwe ku America ndi 5/8 inchi kapena inchi imodzi. Liwiro lolembedwa pa bledi lisachepe poyerekeza ndi la sowo. Koma chimene ambiri sadziwa ndi kapendekedwe ka mano. Bledi ya table saw mano ake amaweramira kutsogolo ndipo amakumba thabwa mwadyera, pa sowo yotsetsereka imadzikoka yokha. Gulani ya mano oima chilili kapena opendekera kumbuyo pang'ono, pa paketi amalemba negative hook kapena −5°. Ya mano 40 imakwana pa matabwa a denga ndi mafelemu, ya 60 kapena 80 ndi ya sikating'i ndi zina zofuna kusalala. Dzino limodzi likathothoka kapena bledi ikang'aluka, tayani.

Chitsulo musadulire. Ndikudziwa ena amaikamo disiki ya girenda kuti adule ma square tube, koma moto wothetheka uja umasungunula gadi ya pulasitiki, ndipo ukagwera mu kathumba ka utuchi ndi moto weniweni. Aluminiyamu imatheka pokhapokha buku la sowoyo lalola, ndi bledi yake yake, mutapana ndi klampu. Matabwa a mapaleti ndi ochotsa pa nyumba yakale muyang'ane misomali ndi masikuluu mbali zonse.

Pulagi ili chizulire, tsitsani ndi kukweza mutu kangapo muone gadi. Iyenera kutseguka yokha mutu ukamatsika n'kubwerera msanga kuphimba mano mutu ukakwera. Ikamakakamira ndi utuchi ipukuteni. Pa saiti mupeza akamuna ena anaimanga m'mwamba ndi waya kapena kebulo tayi ati imawatchinga kuona mzere, sowo yoteroyo ine sindikhudza, ndipo inunso muli ndi ufulu wokana. Kenako tengani sikweya, tsitsani mutu, muone ngati bledi ili madigiri 90 ndi fensi, kampanda ka kumbuyo kwa tebulo kotsamirako thabwa, komanso 90 ndi tebulo, sikweyayo izigunda thupi la bledi osati nsonga za mano. Njira ina yachidule, dulani thabwa lowongoka tebulo lili pa madigiri 0, tembenuzani chidutswa chimodzi chafufumimba n'kuzigundanitsa motsamira fensi, pakaoneka mpata ndiye kuti sowo yaphonya ndi theka la mpata umenewo, konzani musanaononge sikating'i ya eni ake.

Tsopano kadulidwe, apa ndiye mumvetsetse. Sowo yotsetsereka timadula mokankha, osati mokoka. Thabwa ligone pa tebulo litagunda fensi bwinobwino. Mutu uli m'mwamba, ukokereni kwa inu mpaka bledi idutse m'mphepete mwa thabwa, yatsani, dikirani kamphindi mota afike pa liwiro lake, mumamva kulira kwake kwakhazikika, tsitsani mutu mpaka pansi, nde muukankhe pang'onopang'ono kulowera ku fensi mpaka kumapeto. Chifukwa chake n'chakuti mano a pansi amazungulira kulowera ku fensi, amakankhira thabwa komweko, pomwe mutu wa sowo umafuna kubwerera kwa inu. Mukamakankha ndiye kuti mukulimbana ndi mphamvu imeneyo ndipo mukuilamulira. Mukamakoka mwagwirizana nayo, bledi imakwera pamwamba pa thabwa n'kuthamangira kwa inu mwa kanthawi koti dzanja silingachite kanthu. Amene anazolowera radial arm saw yakale ija amavutika apa poti ija amadula mokoka, nde samalani ndi malangizo a madala ena. Thabwa likakhala laling'ono losafuna kutsetsereka, kankhirani mutu kumbuyo kwenikweni, mangani loko ya njanji, muzingotsitsa basi.

Mukamaliza kudula siyani swichi mutu uli pansi pomwepo, dikirani bledi iime, kenako kwezani. Anthu amaona ngati n'kutaya nthawi eti, koma mukakweza ikuzungulira mano amakola kachidutswa kotsala kaja n'kukaponya ngati mwala wa legeni, pena kumaso, pena kumakaswa fensi. Masowo ena ali ndi buleki, imagwira ndi kugwedeza mutu pang'ono, nde chogwirira muchigwiritse mpaka zonse zitaima.

Manja. Mabuku a masowo a ku Ulaya ndi South Africa amati dzanja litalikire bledi ndi 100 mm mbali iliyonse, ena a ku America amati mainchi 6, pafupifupi 150 mm, ndipo masowo ena ali ndi chizindikiro cha dzanja pa tebulo chosonyeza malire. Ine ndimatsata 150. Thabwa likafupika moti dzanja lilowa m'malire amenewo, klampu igwire ntchito, ndipo likafupikitsitsa moti klampu siikwana, musalidule, tengani lalitali mudulepo kachidutswa mukufunako. Musapingase manja, kugwira thabwa la kumanja ndi dzanja lamanzere uku mkono wadutsa pansi pa bledi, bola kusintha dzanja logwirira sowo kapena kutembenuza thabwa. Musapise dzanja kuseri kwa fensi kukachotsa tizidutswa bledi ikuyenda, kumeneko mano saoneka. Ndipo imani chammbali pang'ono, osati mimba kulunjika mzere wa bledi.

Thabwa lopindika lili ndi kagonekedwe kake. Msana wake, mbali yotukuka ija, ndi umene ugunde fensi pamene bledi idutse. Mukaligoneka mozondoka pamatsala mpata pakati pa thabwa ndi fensi, nde bledi ikatsala pang'ono kumaliza thabwa limagwera mkati n'kuipana, sowo n'kudumpha. Zozungulira ngati paipi ya pulasitiki kapena mtengo wa katani zimagubuduzika n'kukokera zala ku mano, zipaneni ndi klampu. Osaunjika matabwa angapo kuti mudule kamodzi. Mukaika kathabwa koimitsira kuti zidutswa zituluke zofanana, mbali imene ili pakati pa bledi ndi koimitsirako ndi imene muipane, isatsale yokha yopanikizika, apo ayi iuluka. Bledi ikakanirira mkati, zimitsani, dikirani iime, zulani pulagi, kenako muzichotsa thabwalo.

Pa bevel, fensi ya pamwamba imatsetsereka kapena kuchoka, muisunthire kunja chifukwa mutu ukapendekeka bledi imadutsa pomwe fensiyo ili. Nthawi iliyonse mwasintha madigiri, yesani kaye sowo ili chizimire, tsitsani mutu n'kuuyendetsa njanji yonse muone ngati sukugunda fensi, klampu kapena pomwe dzanja likhale. Mukamalizungulitsa, tebulo limadzikola lokha pa madigiri 0, 15, 22.5, 31.6 ndi 45, komabe mangani chogwirira chake, ndi loko ya bevel kumbuyo. Ya 31.6 ija ndi ya crown moulding, thabwa lokongoletsa pokumana khoma ndi siling'i, ya madigiri 38 mukaigoneka chafulati, imayenda ndi bevel ya 33.9. Makoma a nyumba zakale sakhala 90 yeniyeni, nde yesani pa zidutswa zotaya. Kumbukiraninso kuti bledi imadya mamilimita awiri kapena atatu, muidutsitse kumbali yotaya ya mzere wa pensulo.

Zovala, magalasi oteteza maso nthawi zonse, a dzuwa aja si omwewo. Zotseka m'makutu nazo, sowo izi zimalira kufika cha m'ma 100 dB pa muyeso wa phokoso, pomwe malamulo a ku UK ndi South Africa amafuna chitetezo kuyambira pa 85, ndipo makutu akagontha sabwerera. Magolovesi podula vulani, olo kuzizire bwanji, nsalu ikakodwa imakoka dzanja lonse, muziwavala ponyamula matabwa ndi posintha bledi. Zingwe za hudi lowetsani mkati, manja a juzi pindani, tcheni ndi ID ya m'khosi chotsani, tsitsi lalitali kapena mawigi mangani kumbuyo. Utuchi si fumbi wamba, bungwe la IARC, lofufuza za khansa pansi pa WHO, linauika m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa, makamaka ya m'mphuno, umayambitsanso mphumu, ndipo wa MDF, mabolodi opangidwa ndi ufa wa matabwa aja, ndi wosalala kwambiri umangoyandama m'chipinda. Kathumba kobwera ndi sowo kamagwira pang'ono chabe, lumikizani chopopera fumbi, masaiti ambiri a ku UK amafuna cha class M, ndipo masiki ikhale FFP3, kapena N95 ku America, ija ya buluu ya kuchipatala siithandiza. Ngati mwalembedwa ntchito ku UK kapena South Africa zodzitetezerazi bwana ayenera kupereka ulere.

Zikavuta wina wadulidwa, panikizani bala ndi nsalu yoyera, kwezani mkono, imbani 999 ku UK, 911 ku America, 112 pa selefoni kapena 10177 ku South Africa. Chala chikaduka chikulungeni m'kansalu koyera konyowa pang'ono, muike mu pulasitiki yotseka, pulasitikiyo muike m'madzi a ayezi, chisagunde ayezi mwachindunji, n'kupita nacho limodzi kuchipatala msanga. Musabise ngozi poopa abwana, ilembedwe tsiku lomwelo ndipo mujambule ndi foni, chifukwa chipukuta misozi cha Compensation Fund ku South Africa kapena inshuwalansi ya bwana ku UK zimayendera zolembedwa.

Poweruka zulani pulagi, tsitsani mutu mulowetse kapini kake, mangani njanji, miter ndi bevel, nyamulani pogwirira pake kapena pansi pa tebulo osati pa gadi kapena pa njanji. Zambiri zazikulu za 305 mm zimapitirira makilo 25, nyamulani awiri. Ngati mumaisunga kunyumba komwe kuli ana, batire kapena ekisitenshoni ikagone kwina.