Momwe mungasankhire multi-tool ya ukalipentala ndi yokonzera nyumba

Pali ntchito zina za m'nyumba zimene sowo imakanika, galayinda imawononga, ndipo tchizulo imakudyerani tsiku lonse. Chiswe chadya felemu la chitseko chakumunsi kokha, mukufuna kuchotsa powolapo osagumula khoma. Tailosi imodzi yasweka pakati pa khitchini pomwe zinzake zili bwinobwino. Mwini nyumba akufuna bowo la makona anayi pasiling'i yokhomedwa kale kuti alowetsepo getsi. Pa ntchito zoterezi ndi pamene multi-tool imaonetsa phindu lake.

Makinawa sazungulira ngati galayinda. Mpeni wake umangogwedezeka uku ndi uku pang'ono kwambiri, madigiri 3 kapena 4 okha, koma mofulumira zedi, mpaka ka 20,000 pamphindi imodzi. N'chifukwa chake mutha kulowetsa mpeniwo pakati penipeni pa thabwa, kudula motsatira pansi, kapena kufika pakona pamene chida china sichingafike. Nzeruyi inayambira kuchipatala. Kampani ya ku Germany ya Fein inapanga mu 1967 sowo yogwedezeka yodulira chikhakha cha munthu wothyoka, poona kuti chinthu cholimba chimadulika koma khungu limangotsatira mpeniwo. Kwa zaka zambiri Fein inali yokha pamsika, koma lero Bosch, Makita, DeWalt, Milwaukee ndi makampani a zida zotsikirapo mtengo onse akupanga awo. Kusankha kwavuta, ndipo amisiri anzanga ambiri amayambira kolakwika: kuwerenga mawati pabokosi.

Yambani ndi ntchito yanu

Musanapite kusitolo, khalani pansi mukumbukire ntchito zisanu zimene mwagwira posachedwa. Ndi kangati pamene munafuna kudula pamalo opanikizika? Ngati mumakhala pashedi kupanga mabedi ndi matebulo kuchokera ku matabwa atsopano, multi-tool si chida chothamangira. Siyingang'ambe thabwa la mamita atatu, ndipo kupala tebulo lonse ndi kasandipepa kake ka makona atatu n'kudzizunza. Koma ngati mumaitanidwa m'nyumba za anthu kukakonza zitseko, kuika makabati a kukhitchini, matailosi ndi siling'i, mudzaigwira pafupifupi tsiku lililonse. Wogwira kamodzi pamwezi ndi wogwira tsiku ndi tsiku safunika makina ofanana, ndipo yankho lanu pano ndi limene litsogolere zotsatirazi.

Kenako yang'anani pakamwa pa makinawo

Apa ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene anthu amataya ndalama. Makina mumagula kamodzi, mipeni mumagula moyo wonse. Mpeni wa multi-tool sukhalitsa, ukakumana ndi msomali umodzi wosayembekezeka mano amatha nthawi yomweyo. Tsono funso lalikulu ndi ili: kodi mipeni yolowa pa makina amenewa ndiipeza kuti, pamtengo wanji?

Malo omangirapo mpeni ali a mitundu ingapo. Wakale ndi wa timano tozungulira, pamene mpeni wathyathyathya umakhala n'kumangidwa ndi bawuti kapena kachogwirira. Bosch inautcha OIS, ndipo makina ambiri otsika mtengo amatsatira kapangidwe kofanana nako. Mipeni yake ndi yofala, yotchipa, yopangidwa ndi makampani ambirimbiri.

Wina ndi Starlock, umene Bosch ndi Fein anapangira limodzi n'kuutulutsa mu 2016. Tsinde la mpeni wake ndi lotukuka ngati chotsekera botolo la zakumwa, lili ndi makona ngati nyenyezi. Pa makina ambiri a Bosch ndi Fein mumangodinikiza makinawo pampeni, umvekere khethe, wagwira. Pochotsa mumakoka kachogwirira, mpeni n'kudzigwera wokha osaukhudza, chinthu chabwino kwambiri chifukwa mpeni wongomaliza kudula umawotcha. Mphamvu ya mota imafikanso bwino kumano chifukwa palibe kukhwepa. Vuto lake n'lakuti makina a Starlock salandira mipeni wamba yathyathyathya, ndipo mipeni yake ndi yodula. Komanso ili pamagulu atatu: Starlock, StarlockPlus ndi StarlockMax. Makina a Max amalandira yonse itatu, koma makina a Starlock wamba salandira mpeni wa Plus kapena wa Max.

DeWalt ili ndi njira yakeyake. Mumafinya kachogwirira, n'kulowetsa mpeni wotseguka kumbuyo ngati chiboda cha hatchi. Kusintha kwake n'kofulumira, ndipo mipeni yambiri yotchipa masiku ano imabwera yotseguka choncho.

Maganizo anga ndi awa. Ngati muli ku Johannesburg kapena ku London, kumene mipeni ya mtundu uliwonse mumaipeza tsiku lomwelo, tengani Starlock, simudzadandaula. Ngati mumagwira ntchito ku Kasungu, ku Chipata kapena ku Mangochi, yendani kaye m'masitolo a hadiweya amene mumagulako, muone mipeni imene ili pashelefu. Gulani makina olandira imeneyo. Ndinaonapo mmisiri wina ali ndi makina apamwamba amene mlamu wake anamutumizira kuchokera kunja, atagona m'bokosi miyezi ingapo chifukwa mipeni itatu imene inabwera nawo inatha ndipo ina sinkapezeka. Zinandimvetsa chisoni, poti chidacho chinali chabwino kuposa changa.

Chingwe kapena batire

Makina a chingwe ndi otsika mtengo, satopa, ndipo sadya magetsi ambiri. Ambiri ali pakati pa mawati 250 ndi 550, kotero kajenereta kakang'ono kamawayendetsa bwinobwino. Onetsetsani chinthu chimodzi musanalipire, makamaka pa zida zogula kwa munthu kapena zotumizidwa: magetsi a ku Malawi ndi ku Zambia ndi 230V, pomwe zida zopangidwira msika wa ku America ndi za 120V. Mukalumikiza zoterozo kukhoma mota imapsa. Za ku South Africa zilibe vuto limeneli, mungosintha pulagi yake ya mano ozungulira n'kuika yathu ya mano atatu a makona. Chenjezo la 120V lija likhudzanso tchaja ya makina a batire.

A batire ndi amene ndimakonda pa ntchito ya m'nyumba za anthu. Nthawi zambiri nyumba imene ikukonzedwa magetsi amakhala ozimitsa, kapena athima dera lonse, kapenanso muli pamakwerero pamene chingwe chimangokukolani miyendo. Koma nthawi zambiri batire la kampani ina sililowa pa makina a kampani ina. Ngati muli kale ndi chobowolera cha Makita cha 18V, gulani multi-tool ya Makita yopanda batire, mudzapulumutsa ndalama zambiri. Chimodzimodzi DeWalt kapena Milwaukee.

Musanyengeke ndi manambala a pabatire. Lolembedwa 20V Max ndi lolembedwa 18V n'chimodzimodzi, onse ali ndi maselo olumikizidwa asanuasanu m'kati, kungoti ena amalemba mphamvu ya batire likangochoka patchaja, ena amalemba mphamvu yake likamagwira ntchito. Nambala yothandiza ndi ya Ah, imene imaonetsa kuchuluka kwa magetsi amene batire limasunga. Batire la 2.0Ah limapepuka, ndi labwino podula m'mwamba. La 4.0Ah kapena 5.0Ah limakhalitsa koma limalemeretsa makina kumbuyo.

Za mota ndingonena mwachidule. Yopanda mabulashi, imene amalemba brushless, imasunga batire ndipo siitentha msanga. Ya mabulashi ndi yachikale, koma mabulashiwo akatha mmisiri wa zamagetsi wa pamsika amasintha. Ya brushless ikafa kabodi kake ka m'kati, kukonza kumavuta.

Manambala awiri oyenera kuwerenga pabokosi

Yoyamba ndi kukula kwa kagwedezekedwe, kolembedwa m'madigiri. Kukakula, mpeni umadya msanga koma makina amanjenjemera kwambiri ndipo modulamo simusalala. Kukachepa, mumadula pang'onopang'ono koma mwaukhondo. Bosch inaika nambalayi m'dzina lenileni la makina ake: GOP 30-28 ndi ya mawati 300 ndi madigiri 2.8, GOP 40-30 ndi ya mawati 400 ndi madigiri 3.0, pomwe GOP 55-36 ndi ya mawati 550 ndi madigiri 3.6. Makita TM3010C ya chingwe ndi DTM51 ya batire zonse ndi za madigiri 3.2. Milwaukee M18 Fuel imafika 4.2. Wopanga makabati asankhe chakumunsi, wogumula ndi kudula misomali asankhe chakumtunda. Samalani poyerekeza: makampani ena amalemba mbali imodzi yokha, ngati 1.6, kutanthauza 3.2 mukaphatikiza kumanzere ndi kumanja.

Yachiwiri ndi liwiro. Pafupifupi onse amafika cha m'ma 20,000, ndiye chapamwambacho sichisiyanitsa. Chofunika n'chakuti pakhale kagudumu kochepetsera liwiro. Thabwa limafuna liwiro lalikulu, chitsulo chimafuna locheperapo kuti mano asapse, ndipo paipi ya PVC imasungunuka mukaithamangitsa. Makina a liwiro limodzi asiyeni pashelefu ngakhale atchipe bwanji.

Yesani ndi dzanja lanu

Tengani kachidutswa ka thabwa lolimba, mlombwa kapena bulugamu, mukhomemo misomali iwiri, mupite nako kogulako. Paini sangakuuzeni zoona chifukwa makina alionse amamudula. Ngati wogulitsa sakulola kuyesa, pemphani kuti angoyatsa, kapena pitani kwa mnzanu amene ali ndi mtundu womwewo. Poyerekeza makina awiri gwiritsani ntchito mpeni wofanana komanso watsopano, apo ayi mukhala mukuyesa mipeni, osati makina.

Lowetsani mpeni pakati pa thabwalo ndipo mumvetsere. Makina abwino sasintha kulira akakumana ndi katundu. Ofooka amayamba kubuula, liwiro n'kutsika. Pitirizani kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, kenako zimitsani mumve zala zanu. Ngati zachita dzanzi pa kanthawi kochepa kotere, ganizani za tsiku lathunthu lochotsa matailosi. Kunjenjemera kwa zida kukachitika zaka zambiri kumawononga mitsempha ya m'zala, ndipo kwa ine apa ndi pamene makina odula amasiyana kwenikweni ndi otchipa. Ena anapangidwa mwakuti mota siikhudzana mwachindunji ndi chigoba chakunja chimene mwagwira, ndipo dzanja limadziwa kusiyanako nthawi yomweyo.

Khudzani kumutu kwa makinawo muone ngati kwatentha mopitirira. Onani ngati mpeni wakhwepa. Usintheni nokha, muutembenuzire cham'mbali, poti pantchito mudzachita zimenezi kakhumi patsiku. Makina ofuna Allen key, kakiyi kopindika komangira bawuti, amagwira mpeni mwamphamvu, koma kakiyiko kakasowa pamalo a ntchito mwaima. Pomaliza nyamulani makinawo pamwamba pa mutu ngati mukudula siling'i, muone ngati chikhatho chanu chikuwazungulira bwino.

Werengerani mipeni pamtengo

Musatuluke m'sitolo ndi makina okha. Mpeni wolembedwa HCS ndi wa thabwa loyera ndi pulasitiki, msomali suufuna. Wolembedwa BIM kapena bi-metal umadula thabwa la misomali, ndipo ndi umene muyenera kukhala nawo wambiri chifukwa m'nyumba yakale simudziwa chimene chabisala. Wa mano a carbide ndi wa masikuluwu olimba ndi mabawuti, ndi wodula koma umakhalitsa kuposa yonse. Wopanda mano, wamchengamchenga m'mphepete, ndi wokumbira simenti ya pakati pa matailosi. Palinso wopalira, wochotsera guluu, silikoni ndi pate wouma wa m'mawindo a chitsulo. Phatikizani mtengo wa makina ndi wa mipeni ya miyezi isanu ndi umodzi, ndiye muyerekeze. Nthawi zina amene amaoneka otchipa amasanduka odula.

Onjezerani zotseka m'makutu, magalasi ndi chophimba mphuno. Makinawa amalira mokweza, makamaka m'bafa kapena m'kabati. Mpeni wake ndi wofatsa poyerekeza ndi galayinda, komabe mano a thabwa amacheka chala. Musanalowetse mpeni m'khoma kapena m'siling'i, dziwani modutsa mawaya ndi mapaipi. Ndipo ngati mwapeza malata kapena mabodi akale a asbestos, amene akadalipo m'nyumba zina zakalekale, musadule. Fumbi lake limayambitsa matenda oopsa a m'mapapo.

Ntchito yoyamba yoyesera makina atsopano

Yesani kudula kunsi kwa felemu la thabwa kuti tailosi ilowe pansi pake, m'malo mosema tailosiyo mozungulira felemu. Gonekani tailosi imodzi pafupi ndi felemulo, pansi pake muikepo katoni yokhuthala ngati simenti yomatira imene mudzaike. Gonekani mpeni chathyathyathya pamwamba pa tailosiyo, yatsani makina asanakhudze thabwa, kenako alowetseni pang'onopang'ono. Musakankhe mwamphamvu, kukankha kumangotenthetsa mano. Yendetsani mpeni kumanzere ndi kumanja kuti utuchi uzituluka komanso mano onse agwire ntchito mofanana. Mukamva fungo la thabwa lopserera, bwezani mpeni, chotsani utuchi, muyambirenso. Kachidutswako kakamasuka kakokeni ndi tchizulo, ndipo tailosi ilowa pansi pa felemu popanda mpata woonekera.