Musalole traceparent itayike panjira

Miyezi yapitayi ndayendera magulu angapo osamalira maseva a API, ndipo vuto ndikulipeza lomwelomwelo. OpenTelemetry (chida cholemba ulendo wa pempho m'maseva) anaika, Jaeger (pulogalamu yoonetsa maulendowo) ikuyenda, koma mukatsegula trace, ulendo wonse wa pempho limodzi, mumapeza span, gawo la ulendowo, imodzi yokha ili payokhayokha ngati mwana wamasiye. Pempho lalowa pa gateway, khomo lolowera mapempho, lapita pa seva yoyankha ma query, ladutsanso pa seva ina, koma paliponse likufika ngati mlendo. Chifukwa chake n'chakuti header ya traceparent, chizindikiro chimene pempho limanyamula kuti maseva adziwe kuti ndi ulendo umodzi, ikutayika panjira.

Header imeneyi W3C (bungwe lokhazikitsa miyezo ya pa webu) inaivomereza mu 2020 pansi pa dzina la Trace Context. Ndi kamzere kamodzi: 00, kenako trace-id (nambala ya ulendo wonse) ya zilembo 32, parent-id (nambala ya span yotumiza pempho) ya zilembo 16, ndipo kumapeto 01 ngati pempholo lasankhidwa kuti lisungidwe. Seva ikalandira pempho lopanda kamzereka imangopanga trace-id yatsopano mwakachetechete, osalemba kuti pali cholakwika. Kuipa kwake n'kumeneko. Inu mukulipira malo osungira ma span miyandamiyanda, koma tsiku limene kasitomala adandaule kuti zikuchedwa, palibe ndi imodzi yomwe imene ingakuuzeni pamene nthawi yathera.

Mnyamata wina wolemba mapulogalamu anandiuza kuti anachezera usiku wonse ndi ma log a maseva atatu, akufananitsa nthawi ndi maso. Mawotchi a masevawo ankasiyana pang'ono, ndiye anagwira query yosalakwa, n'kuikonza, kutacha vuto lili pompo. Ndinamufunsa kuti, "Achimwene, nanga trace simunaiyang'ane?" Iye akuti, "Timayang'ana, koma zija sizithandiza." Zithandiza bwanji? Proxy yawo, seva yapakati yodutsitsa mapempho, inkangolola ma header amene munthu wina anawalemba pamndandanda kalekale, ndipo traceparent munalibe. Kukonza kwake kunali mzere umodzi.

Chimene chimanditopetsa n'chakuti trace ikangokhumudwitsa kamodzi, anthu amabwerera ku chizolowezi chakale chomwaza print paliponse: "ndafika apa", "ndafika apa 2". Mapempho akamabwera ambirimbiri nthawi imodzi, "apa" ameneyo ndi wa pempho liti? Ena amasakaniza: seva yakale ikutumiza ma header a B3 a Zipkin (chida china cha ma trace), yatsopano ikuyembekezera traceparent, osamvana. Enanso amasiya seva iliyonse kusankha yokha mapempho oti isunge, ndiye trace imatuluka yobookabooka, yapakati yasunga, yoyamba yataya. Pa queue, pamene mauthenga amadikirira kuti seva ina iwatenge, ndiye osanena. Uthenga ukalowa mmenemo chingwe chimaduka, pokhapokha ngati trace context mwaiika mu uthengamo.

Zochita si zambiri. Tumizani pempho limodzi ndi curl (chida chotumizira pempho pa command line), traceparent mwailemba nokha, kenako fufuzani trace-id imeneyo mu Jaeger. Pamene yasowa ndi pamene pali dzenje. OTEL_PROPAGATORS, imene imauza OpenTelemetry mtundu wa header yoti igwiritse ntchito, ikhale yofanana pa maseva onse, ndipo ngati akale akadalipo onjezani b3. Sampler, imene imasankha mapempho oti asungidwe, ikhale parentbased_traceidratio kuti choganiza cha seva yoyamba chitsatidwe ndi onse. Ikani dzina la seva iliyonse mu OTEL_SERVICE_NAME, apo ayi zonse zidzatuluka ngati unknown_service. Trace-id izilembedwanso pa mzere uliwonse wa log. Ngati mapempho akuchokera pa browser ya domain ina, lolani traceparent mu Access-Control-Allow-Headers. Ndipo chonde, mapasiwedi ndi ma token asalowe mu span.