Prednisolone si panado, musamangoisiya mukapeza bwino

Timapilitsi toyera ta 5mg tija, prednisolone, timathandiza kwambiri pa mphumu, nyamakazi, ziwengo zikavuta komanso matenda ena a impso. Munthu amene usiku amabanika, pachifuwa pakulira ngati kamwana ka mphaka, pakangotha masiku awiri wayamba kuseka. Vuto limayambira pomwepo, poti ambiri akangoona kuti apeza bwino amaponya kapaketi mu kabati basi.

Tamvani apa. Pamwamba pa impso iliyonse pali kachiwalo kakang'ono kamene kamapanga cortisol, homoni yothandiza thupi kukhala ndi mphamvu komanso kuti BP isatsike, ndipo mankhwalawa amagwira ntchito ngati cortisol yemweyo. Mukamwa kupitirira milungu 3 thupi limaona kuti katundu akubwera kale ndiye kachiwalo kaja kamagona tulo, ndiyeno inu mukangosiya lero ndi lero iko sikadzuka msanga ayi, mumayamba kufooka, chizungulire mukaimirira, kusanza, BP kutsika mpaka kukomoka ndipo ena amafa nazo kumene. N'chifukwa chake adokotala amalemba zoti muzichepetsa pang'onopang'ono, sikuti akungofuna kukuvutitsani. Muziwerenganso mapilitsi otsala, musadikire kuti athe kaye kenako muziyamba kuthamanga.

Kamwedwe kake n'kosavuta: m'mawa, mutadya, onse a tsikulo nthawi imodzi pokhapokha ngati anakuuzani zina. Mukamwa madzulo mudzangotembenuka pabedi mpaka kucha. Mukaiwala imwani mukakumbukira tsiku lomwelo, koma mawa lake osaphatikiza awiri.

Chomwe chimandidandaulitsa ine ndi anthu a nyamakazi amene amamwa prednisolone limodzi ndi ibuprofen, diclofenac kapena aspirin osafunsa aliyense, ati kuti ululu uthe msanga. Kuphatikiza kumeneko kumayambitsa zilonda za m'mimba. Mukaona chimbudzi chakuda bii ngati phula kapena mukusanza magazi, pitani ku chipatala tsiku lomwelo.

A shuga, dziwani kuti shuga amakwera ndiye muziyeza pafupipafupi. BP chimodzimodzi. Chitetezo cha m'thupi chimatsikanso, ndipo mankhwalawa amabisa matenda, thupi osatentha kwenikweni koma mkati zinthu zikuipa. Ngati munadwalapo TB nenani musanayambe. Odwala katsabola, mashingozi kapena chikuku muziwatalikira makamaka ngati simunadwalepo, ndipo katemera aliyense funsani kaye. Amene akumwa rifampicin wa TB adziwe kuti rifampicin amachepetsa mphamvu ya prednisolone, pomwe ritonavir wa mu ma ARV ena amaichulukitsa m'magazi, ndiye popita kwa adokotala tengani mapaketi onse a mankhwala amene mukumwa awaone ndi maso awo. Oyembekezera ndi oyamwitsa nenaninso. Apabanja nawonso azikhala tcheru, wodwala akayamba kupsa mtima zosadziwika bwino, kusokonezeka kapena kulankhula zodzipha, nthawi zina ndi mankhwala omwewa.

Ndiye pali ena amamwa dexamethasone, mankhwala a gulu limodzi ndi prednisolone, kuti anenepe, ati thupi lioneke. Kameneka n'kamphamvu kuposa prednisolone pafupifupi ka 7. Nkhope imakhaladi yozungulira ngati mwezi, mimba kutuluka, mafuta kuunjikana kumbuyo kwa khosi, koma miyendo ndi manja kumaonda, khungu kumapyapyala ndipo mafupa amafooka moti kugwa pang'ono chabe fupa lathyoka. Ngati mwakhala mukumwa chonchi kwa miyezi, nanunso musasiye nokha, pitani mukafotokoze zoona zake kuti akuchepetsereni mwadongosolo.