Kusintha lamba wa m'mbali mwa boti akatha

Kathabwa kakatali koyenda kunja kwa boti, kuchokera kumutu mpaka kumbuyo, ine ndimangokatcha lamba. Boti likagunda doko kapena boti linzake, amakhulika ndi iyeyu, thupi la boti n'kupulumuka. Ndiye kutha kwake n'koyembekezeka, ndipo pomuika muzikumbukira kuti tsiku lina adzachotsedwanso.

Ine ndinaziphunzira mowawa. Pa boti langa la mamita 4, lamba woyamba ndinamumata ndi epoxy, guluu wolimba kwambiri. Pomuchotsa anatuluka ndi zibenthu za boti lenilenilo, ntchito ya masiku awiri n'kunditengera milungu itatu.

Wakaleyo mumchotse modekha. Masikuluwu amabisika pansi pa tizitsekerero tamtengo. Tibowoleni, kenako masulani. Sikuluwu ikakakamira ndi dzimbiri, dulani lamba uku ndi uku, muswe kachidutswako, muigwire ndi pulayala n'kupotokola. Sungani chidutswa chimodzi chabwino choyezerapo watsopano.

Lamba akachoka, musafulumire, chifukwa kuseri kwake n'kumene madzi amabisala. Tengani sikuludiraiva muzibaya pang'onopang'ono mzere wonsewo, makamaka mozungulira mabowo. Pamene yalowa ngati m'chinkhupule, pawola. Semani mpaka mupeze thabwa lolimba, muikepo chigamba. Lisiyeni boti pamthunzi masiku angapo kuti paume kwenikweni, ndipo bowo lililonse lakale mulitseke ndi kamtengo koviika mu epoxy. Muwawerenge mabowowo musanayambe, muwawerengenso mutatseka. Limodzi loiwalika limamwetsa thabwa madzi mwakachetechete mpaka kuliwoletsa.

Lamba watsopano akhale wa mtengo wolimba wosawola msanga, ngati teak kapena mbawa, wowongoka, wopanda mfundo, pakuti pa mfundo m'pamene amathyokera pomupinda. Thabwa likaperewera, lumikizani awiri powasema mopendeketsa. Malo osemedwawo atalike kuwirikiza 8 kukhuthala kwa thabwa: la mamilimita 20 limafuna mamilimita 160. Apa pokha ndiye pamafunika epoxy. Nsonga ya kunja ya polumikizapo iloze kumbuyo, kuti isamakole zinthu boti likamapita kutsogolo.

Yambirani kumutu, komwe boti limakhota kwambiri, muzipana ndi makilampu uku mukubwerera m'mbuyo. Mukamva thabwa likulira, lekani. Limeneli likufuna nthunzi. Lilowetseni m'paipi kapena m'bokosi lalitali, nthunzi ya madzi owira izidutsamo ola limodzi pa mamilimita 25 aliwonse a kukhuthala kwake. Likatuluka limazizira msanga, choncho makilampu akhale pafupi, mnzanu akhale chire, magolovesi ali kumanja. Lisiyeni lili chopanidwa masiku awiri kapena atatu. Ngati lamba wanu ndi wa pulasitiki ya PVC, kumuviika m'madzi otentha n'kokwanira.

Likagwira mpindo, lichotseni mulipake penti kapena vanishi kuseri kwake. Ambiri amadumpha apa poti kuseri sikuoneka, koma ndi mbali imene simudzaifikanso.

Masikuluwu akhale a stainless 316 (chitsulo chosachita dzimbiri msanga) kapena bronze (mtundu wa mkuwa wosakaniza). Achitsulo wamba amachita dzimbiri n'kudetsa thabwa, ndipo a brass (mkuwa wachikasu) amafumbutuka m'madzi amchere. Atalikirane masentimita 15 mpaka 20, ndipo muziyamba mwabowola kabowo kotsogolera kuti thabwa lisang'aluke. Pewani mabowo akale aja.

Pakati pa lamba ndi boti pakani chomatira chosauma gwaa, monga butyl kapena polysulphide, pang'ono mulowetsenso m'bowo lililonse. Mangani mpaka chiyambe kutuluka m'mphepete monsemo, pukutani chotsalacho.

Tizitsekerero tapamwamba pa masikuluwu mutiseme ku thabwa lomwelo, mitsempha yake iyang'ane komwe ya lamba yayang'ana. Ine ndimativiika mu vanishi m'malo mwa guluu: timagwira bwino, timatseka madzi, koma tsiku lochotsa timazuka mosavuta. Tikauma, tiduleni, musalaze ndi sandipepala, mukhulenso m'mbali mwa lamba kuti musakhale mwakuthwa, kenako pakani vanishi katatu kapena kanayi.