Momwe mungaonere pomwe anzanu ali ndi timawailesi ta LoRa

Kumapiri ndi m'nkhalango, komwe netiweki ya foni siifika, mutha kuonabe pamapu pomwe mnzanu wafika. Timawailesi ta LoRa, luso la kampani ya Semtech, timaponya uthenga makilomita angapo osadya batire kwambiri. Mawu olankhula ndi zithunzi sitinganyamule, koma manambala a GPS ndi ochepa, ndiye amadutsa bwinobwino.

Poyamba pezani tiwiri kapena kuposerapo tokhala ndi GPS, monga LilyGO T-Beam. Tonse tikhale ta frequency imodzi, yololedwa m'dziko lomwe muli. Ku Ulaya ndi 868 MHz, ku America 915 MHz, ndipo tosiyana sitimvana.

Musanayatse, mangani kaye eriyo. Kukayatsa kopanda eriyo kutha kupsereza mbali yotumizira.

Kenako lumikizani kawailesi kalikonse ku kompyuta ndi chingwe cha USB, muike m'kawailesimo pulogalamu yaulere ya Meshtastic. Pafoni ikaninso app yake, mulumikize pa Bluetooth n'kusankha dera lanu.

Apa m'pomwe ambiri amaphonya. Tchanelo chomwe chimabwera kale mu Meshtastic chili ndi kiyi (nambala yobisira uthenga) yodziwika kwa aliyense, choncho mlendo wokhala ndi kawailesi kake atha kuwerenga zanu. Pangani tchanelo chanuchanu ndi kiyi yatsopano, anzanu ajambule ndi foni zawo QR code ya tchanelocho yomwe ili pafoni yanu. Ndipo munthu amene mukumutsatira azidziwa; kuponya kawailesi m'chikwama cha wina mozemba ndi ukazitape.

Tulukani panja kuti GPS igwire masetilaiti. Koyamba imachedwa mphindi zingapo, musafulumire kunena kuti chafa. Ikagwira, sankhani kuti kazitumiza malo pakapita nthawi yotani. Kwa oyenda pansi mphindi ziwiri kapena zisanu n'zokwanira. Kutumiza pafupipafupi kumatha batire, komanso kumatsekereza ena chifukwa njira yake ndi yopapatiza. Yatsani Smart Position kuti kazitumiza msanga pokhapokha munthu wasuntha.

Pa nkhani ya mtunda, kukwera kumaposa mphamvu. Phiri kapena nyumba ya konkire ikakhala pakati, uthenga umafera pomwepo. Mangirirani kawailesi pamwamba pa chikwama, eriyo italoza kumwamba, osati m'thumba la thalauza. Mukakhala ndi kena kapadera, kaikeni pamalo okwera kuti kazilandira n'kupatsira ena. Meshtastic imabwera italola uthenga kudumpha katatu kuchoka pa kawailesi kena kupita pa kena.

Mapu a dera lomwe mukupita muwatsitsiretu pafoni mukadali pa intaneti, apo ayi mudzangoona kadontho pamalo opanda kanthu.