Musanalize injini: kuyendera njinga yamoto ya m'misewu yafumbi

Njinga zamoto zimene alangizi a zaulimi, a ziweto ndi a zaumoyo amayendera m'midzi, monga Yamaha AG 200, Yamaha DT 125, Suzuki TF 125 ndi Honda XL 125, zinapangidwa kuti zipirire fumbi, matope ndi miyala. Vuto lake n'lakuti kupirira komweko kumatipusitsa. Njinga yotere imalira ndi kuyenda ndithu ngakhale tcheni litakhwefuka, tayala litachepa mpweya, buleki itatha. Imabisa matenda ake mpaka tsiku limene mukutsika chitunda mutanyamula thumba la mbewu. Malangizo awa ndi a inu amene mumayenda panjinga yantchito, komanso anzathu a kabaza ndi alimi amene agula Boxer kapena TVS n'kumalowa nayo m'tinjira ta kumunda. Bungwe la Riders for Health, limene anthu ake amanyamula magazi ndi makhololo okayezetsa kuchokera kuzipatala za kumidzi, limaphunzitsa oyendetsa ake kuyendera njinga tsiku lililonse asananyamuke. Sakutero chifukwa chosowa chochita: munthu wonyamula magazi, njinga siyenera kumufera pakati pa dambo.

Itulutseni panja kaye. Ambiri timagoneka njinga m'nyumba poopa akuba, ndipo palibe cholakwa. Koma osailiza m'nyumbamo kuti itenthe. Utsi wa injini uli ndi mpweya wakupha wofanana ndi wa mbaula yamakala, wosaoneka komanso wosanunkha. Iimikeni pamalo athyathyathya powala bwino, kenako yang'anani pansi pomwe inagona. Dontho la oyilo kapena fungo la petulo likukuuzani poyambira.

Matayala ndi magudumu

Kuponda tayala ndi phazi kapena kulifinya ndi chala si kuyeza mpweya. Matayala a zigobegobe ndi olimba m'mbali, choncho amaoneka okhuta ngakhale mpweya utatsala theka. Gulani kachipangizo koyezera mpweya, n'kotchipa, ndipo muziyeza m'mawa tayala lisanatenthe. Mulingo wake unalembedwa m'buku la njinga, ndipo nthawi zambiri pamakhalanso kapepala komata pachotchingira tcheni kapena pafupi ndi gudumu lakumbuyo. Mukanyamula munthu kapena katundu, lakumbuyo limafuna mpweya wochulukirapo.

Tayala lochepa mpweya limavuta m'njira ziwiri. Mukagunda mwala, limu imatsina chubu n'kusiya timabowo tiwiri toyandikana, totchinga movuta. Komanso tayala limatha kuterereka pa limu n'kukoka chubu mpaka valuvu kuthothoka, ndipo mpweya umatha nthawi imodzi muli pa liwiro. Mukaona valuvu yapendekeka, dziwani kuti chubu chayamba kukokeka. Lopopa mopitirira nalo silabwino: limadumpha pa misewu ya mabampu ndipo siligwira pa tsangalabwi.

Zunguzani gudumu pang'onopang'ono mukuyang'ana minga, misomali, ming'alu ya m'mbali ndi zigobegobe zothothoka. Kenako gogodani masipoko onse ndi sipanala. Olimba amalira mokweza, okhwefuka amalira mogonthera. Sipoko limodzi likaduka, anzake amasenza katundu wake, nawonso amaduka, mapeto ake limu imapindika. Pomaliza gwirani gudumu ndi manja awiri mulikankhire kumanja ndi kumanzere. Likamagwedezeka, mabeyaling'i atha kapena nati ya ekiselo yamasuka, ndipo njingayo sikupita kulikonse kufikira makaniko ataiona.

Tcheni

Apa ndi pamene ndimafuna oyendetsa azichedwapo, chifukwa tcheni ndilo limasiya anthu ambiri m'thengo, komanso limavulaza. Tcheni lokhwefuka likavuka pa sipuloketi limatha kukolana pakati pa gudumu ndi chitsulo, gudumu lakumbuyo n'kuima chiriri, inu n'kupezeka pansi. Nthawi zina likaduka limakwapula injini n'kuswa chivundikiro, ndipo kukonza kwake kumadya ndalama zoposa zogulira matcheni angapo.

Zimitsani injini, ikani giya pa nyutulo. Pezani pakati pa masipuloketi awiri, kunsi kwa tcheni, mulikankhire m'mwamba ndi pansi. Njinga zambiri za m'tchire zimafuna kuti lisewere mamilimita 30 mpaka 40, pamene za pa tala zimafuna ochepera pamenepo. Tsatirani za m'buku la njinga yanu. Kankhani njinga patsogolo pang'ono muyezenso malo ena, chifukwa tcheni silitha mofanana: pena limakungika, pena limalendewera. Mulingo muutengere pomwe lakungika kwambiri.

Pali chizolowezi chomwe ndimatsutsana nacho kwambiri, chokunga tcheni gwa kuti lisamalire. Njinga ya m'tchire ili ndi mashoko aatali. Mukakhalapo, kapena mukalowa m'dzenje, gudumu lakumbuyo limakwera ndipo tcheni limakokeka. Ngati munalikunga kale, mphamvu yonseyo imapita ku mabeyaling'i ndi ku shafuti yotuluka m'giyabokosi. Mukamakunga, onetsetsani kuti zizindikiro za mbali zonse ziwiri za ekiselo zafanana, apo ayi gudumu liziyenda chopendekera.

Yang'ananinso mano a sipuloketi. Akasongoka n'kupindikira mbali imodzi ngati minga ya kankhande, atha. Sinthani tcheni ndi masipuloketi onse awiri nthawi imodzi, chifukwa tcheni latsopano pa mano akale silichedwa kutha. Kapini kotsekera tcheni kaziyang'ana moyenera: mbali yotseka itsogole komwe tcheni likulowera. Pothira mafuta, tsukani kaye matope ndi mchenga, chifukwa mafuta akasakanizika ndi mchenga amapala chitsulo. Ndipo chonde, osapukuta kapena kuthira mafuta tcheni injini ikulira. Nsanza ikakodwa imakokera zala m'sipuloketi, ndipo zala zotero sizibwerera. Eni AG 200, musanamizidwe ndi chivundikiro cha tcheni: tsegulani pachibowo choonera muliyeze ngati anzanu.

Mabuleki ndi zogwirira

Njinga zambiri zamtunduwu zili ndi mabuleki a dilamu. Finyani chogwirira chakumanja: chizisewera mamilimita 10 mpaka 20 chisanayambe kugwira, ndipo chisafike pokhudza handulo. Chopondera chakumbuyo chizisewera mamilimita 20 mpaka 30. Pa dilamu pamakhala kamuvi ndi kachizindikiro; mukafinya buleki n'kuona zakumana, mashuzi atha, ndipo kumangokunga nati sikungabwezeretse chomwe chatha. Ngati yanu ili ndi buleki ya disiki kutsogolo, yang'anani madzi a buleki pakazenera, makulidwe a mapadi, ndi paipi ngati sikudontha. Chogwirira chikamamveka chofewa, mwalowa mpweya kapena pali podontha.

Chogwirira chopatsira moto chipotozeni n'kuchisiya. Chiyenera kubwerera chokha msanga. Yesani handulo ili mowongoka, mutaikhotetsa kumanja mpaka mapeto, ndi kumanzere mpaka mapeto. Injini ikalira chitaninso zomwezo: ikakwera yokha mukakhotetsa, waya wakodwa penapake. Moto wokakamira pa njira yopapatiza yodutsa pamsika ndi ngozi ya anthu ena, osati yanu yokha. Kilatchi nayo izisewera pang'ono. Yopanda kusewera imapsa, yosewera kwambiri imavutitsa polowetsa giya. Waya amene wayamba kuduka timitsitsi kumapeto musinthiretu.

Oyilo, petulo ndi sefa

Dziwani mtundu wa injini yanu. AG 200 ndi XL 125 zili ndi oyilo wokhala m'injini. Muyezeni njinga itaima chilili, osati itatsamira pa sitandi yam'mbali. Pa Honda, kamtengo koyezera mumakapukuta n'kukalowetsa osakamanga. DT 125 ndi TF 125 ndi zamtundu wa thuu sitiroko: zili ndi kathanki kapadera ka oyilo wa 2T amene amapsa limodzi ndi petulo. Kathankika kakauma, pisitoni imakakamira popanda chenjezo lenileni. Oyilo akaoneka woyera ngati tiyi wamkaka, mwalowa madzi, msintheni musanayende.

Tsegulani thanki muone petulo ndi maso anu. Kampopi ka petulo kali ndi ON, OFF ndi RES (petulo wotsalira wa pansi pa thanki). Mukayendera RES, bwezani pa ON mukangothira, apo ayi tsiku lina mudzatha petulo yense muli ndi chikhulupiriro choti wotsalira alipo. Petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanolo wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndipo ethanolo amakoka chinyontho, choncho petulo wokhalitsa m'thanki kapena m'chigubu chosatseka bwino amavutitsa kabuleta. Wa m'mabotolo a m'mbali mwa msewu, mukakakamizika kugula, muunikeni padzuwa ndipo mumusefe pa kansalu koyera. Pothira zimitsani injini, fodya akhale kutali.

Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala fumbi limachuluka, ndipo sefa ya mpweya imatsekeka msanga. Ya siponji imatsukidwa, kuumitsidwa ndi kupakidwa oyilo pang'ono. Ya pepala siilola madzi kapena oyilo, imangosinthidwa. Kuichotseratu kuti njinga ikhale ndi mphamvu n'kudyetsa injini mchenga.

Magetsi, maindiketa, nyali ya buleki, hutala ndi magalasi, yesani msanga chimodzichimodzi. Dutsani ndi sipanala pa maboti a handulo, a ekizozi, a zopondera ndi a kaliyala, chifukwa misewu ya mabampu imamasula chilichonse. Sitandi ibwerere yokha ndi sipuling'i yake.

Inuyo

Chisoti chikhale chokukwanani ndipo lamba amangidwe, zala ziwiri zokha zizilowa pansi pa chibwano. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti chisoti chovala moyenera chimachepetsa chiopsezo chovulala ubongo mpaka ndi 74 pa 100 alionse. Chisoti cha anthu omanga nyumba si cha njinga yamoto, ndipo chomwe chinamenyetsedwapo pansi pangozi chatha ntchito ngakhale chikuoneka chosalala. Valani nsapato zofika m'kakolo, buluku lalitali, jekete ndi magolovesi, ngakhale kutentha kwa ku Nsanje. Mapatapata pa kiki ndi pa giya ayi. Chiphaso chochokera ku Road Traffic chikhale cholingana ndi njinga: A1 ndi ya njinga zosapitirira 125cc, A ndi ya zoposa apo, choncho AG 200 imafuna A. Inshuwalansi ndi nambala zikhale m'malo. Mowa, ngakhale wa dzulo usiku umene sunatsike, sugwirizana ndi handulo.

Wokwera kumbuyo akhale mmodzi, nayenso ndi chisoti. Mayi akavala chitenje, apinde nsonga zonse asanakhale, chifukwa nsalu ikakodwa m'masipoko kapena m'tcheni imamukokera pansi. Muuzeni mbali yomwe kuli ekizozi asanatsike. Katundu mumange motsika, molimba ndi mofanana mbali zonse, zingwe zisalendewere.

Poyenda

Giya pa nyutulo, choki ngati kwazizira, lizani, dikirani pang'ono oyilo azungulire, kenako bwezani choki. Kulirikitsa injini yozizira kumaitha msanga. Njinga ikakhala yobwereka, funsani kaye kalowedwe ka magiya ake, chifukwa amasiyana. Kwezani sitandi. M'mamita oyambirira, mukadali pabwalo, yesani buleki yakutsogolo payokha, kenako yakumbuyo payokha.

Pa tala ndi pa dothi louma lolimba, buleki yakutsogolo ndiyo imagwira ntchito yaikulu, ndipo oyendetsa amene amaiopa n'kumangoponda yakumbuyo amaima mochedwa. Koma pa tsangalabwi, pa mchenga ndi pa matope, ifinyeni mofatsa njinga ili yowongoka. Chepetsani liwiro musanalowe pakona, osati muli mkati. Pa mchenga, monga wa m'njira za m'mbali mwa nyanja ku Salima ndi ku Mangochi, khalani chakumbuyo, moto ukhale wosasinthasintha, handulo musaiumirire, maso patali pomwe mukufuna kupita. Mukatseka moto mwadzidzidzi, gudumu lakutsogolo limazama. Katondo akanyowa amaterera, pamene makande a ku Chigwa cha Shire amamatirira mpaka kutseka gudumu m'madigadi. Imani muchotse ndi kamtengo musanawotche kilatchi. Pa mabampu ndi mizu imirirani pa zopondera, mawondo atapindika pang'ono.

Potsika phiri lowetsani giya yaing'ono injini izithandiza kugwira. Kutsika pa nyutulo kapena mutazimitsa injini pofuna kupulumutsa petulo kumasiya katundu yense pa mabuleki, ndipo dilamu ikatentha imaleka kugwira. M'midzi chepetsani liwiro kwambiri: mbuzi ikadutsa, kamwana kake kali m'mbuyo, ndipo ana amathamangira kumene kukulira injini.

Mtsinje wodzaza umene madzi ake akuthamanga musawoloke, dikirani aphwe. Ngati ndi odekha, tsikani muyambe mwayenda wapansi kuti mudziwe kuya kwake ndi zomwe zili pansi. Madzi asafike polowera mpweya, pomwe pa njinga zambiri pamakhala kunsi kwa mpando. Njinga ikagwera m'madzi n'kuzima, osaiponda kiki: madzi sapanikizika, amapinda chitsulo cha pisitoni. Chotsani pulagi, khetsani madzi a m'bokosi la sefa ndi a m'kabuleta, pondani kiki pulagi ili kunja mpaka madzi atuluke, ndipo oyilo mumusinthe tsiku lomwelo. Mukawoloka bwino, yendani pang'onopang'ono mukufinya mabuleki mopepuka kuti aume. Ulendo uliwonse wa kutali nyamulani pampu, zigamba ndi guluu, zitsulo zovulira tayala, pulagi yapadera ndi sipanala yake, kapini kotsekera tcheni ndi foni yotchaja, ndipo uzani a kunyumba kapena a ku ofesi njira imene mudzere ndi nthawi imene akuyembekezereni.